Kamwala ka Buluu pa Khutu la Mainess

Anyamata ena akaona mtsikana amayamba ndi nkhope. Ena, opanda manyazi aja, amayambira kumbuyo. Koma Desmond wa pa sitesheni ya mabasi ku Matero, mu Lusaka, amayamba ndi makutu. Ndiyo ntchito yake. Ali ndi katebulo pansi pa ambulera yofiira pomwe amagulitsa ndolo ndi timikanda, ndipo m'kabokosi amasunga kamfuti koboolera makutu.

M'mawa umenewo Mainess anali pa mzere, kudikira basi ya m'tauni komwe amasoka mayunifomu a ana a sukulu. Anali atachedwa kale.

"Ba sisi! Imwe ba dilesi ya yelo!"

Mainess sanacheuke. Mtsikana wa ku komboni ya George sacheukira mluzu uliwonse.

"Mwagwetsa chinthu!"

Apo anacheuka. Anayang'ana pansi: fumbi ndi khoko la nthochi basi.

"Nagwetsa chani?"

"Ine," anatero mnyamatayo, dzanja lili pa chifuwa. "Manje muzaninyamula olo muzanisiya pamene apa, mabasi yaniponde?"

Amayi ogulitsa vitumbuwa anaseka mpaka kutsokomola.

"Simuli bwino mumutu imwe," anatero Mainess.

"Mumutu nili chabe bwino. Ni makutu yanu yanisokoneza. Zaka faivi niboola makutu pano, sin'naonepo ya so. Yang'ono, ya shepu, monga Mulungu anayapanga atapumula bwino."

Basi inabwera, Mainess anakwera. Koma asanafike m'tauni anadzipeza akusisita khutu lake lakumanzere, akumwetulira yekha ngati wopenga.

Sabata isanathe, Desmond anali ndi nambala yake. Musandifunse kuti anaitenga bwanji. Ngakhale Mainess mwini wake sakudziwa.

"Shuga wanga, wafika bwino? Khutu yanga ili bwanji?"

"Ni yanga, osati yako."

"Tizaona."

Patapita miyezi iwiri, Loweruka masana, Desmond anamukhazika pa kampando kuseri kwa tebulo lija. Anatulutsa m'chikwama chake ndolo imodzi, kamwala ka buluu kowala ngati diso la mphaka.

"Izi zinali ziwili chabe pa Zambia yonse," anatero ndi mawu apansipansi. "Iyi nizakuvalika lelo, apa pamwamba, pa kafupa. Inzake nizasunga mpaka tsiku yamene nizatuma bakulu kwanu na mbale kukufunsila ukwati."

"Pamwamba? Si ibaba?"

"Mabowo ya pansi ali nayo aliyense, bebi. Ya pamwamba ni ya ine. Muntu akakuona azaziba kuti khutu iyi ili na mwine wake."

Mainess anatsinzina. Pha! Kamfuti kanalira, misozi inatuluka, Desmond anaipukuta ndi chala.

"Nikakusiya iwe, Mainess, mvula ikagwe kuchoka pansi kuyenda kumwamba."

Ndani akanakana mawu otere? Inu mukanakana? Musaname!

Miyezi inayi inadutsa ngati uchi. Kenako khutu linayamba kuyabwa.

Poyamba Mainess anati ndi thukuta. Tsiku lina akusamba anamva kanthu kolimba kuseri kwa bowo lija, ngati njere ya chimanga. Anavula ndolo, anaiika m'bokosi la machesi, kuti mwina khutu lipume. Kanthu kaja sikanapume. Kanasanduka nyemba. Nyemba inasanduka nzama. Pofika Okutobala chinali ngati suku, chosalala, chonyezimira, chikusuzumira pamwamba pa khutu ngati chikufuna kupereka moni kwa anthu.

Analakwitsa n'kukafufuza pa foni. Mayo! Zithunzi zomwe anaona! Anthu okhala ndi zotupa zazikulu ngati mapeyala, zikulendewera mpaka m'khosi. Anazimitsa foni n'kuiika pansi pa pilo, ngati kuti zithunzizo zingatulukemo.

Ku ntchito mnzake wina anachiona ndipo anatsitsa mawu: "Ba anti banga chinayamba so. Inali khansa." Wina anati, "Awe, uyu bamulodza. Pali mukazi wamene afuna mwamuna wake."

Khansa? Ufiti? Ndipo Desmond, munthu woti anakonda makutu asanadziwe n'dzina lomwe, adzati chiyani?

Anabwereka wigi kwa mkulu wake, ba Cynthia, omwe amaluka tsitsi pakhonde kunyumba kwawo ku George. Wigi mu Okutobala, anzanga! Dzuwa la Lusaka likuotcha ngati mbaula, Mainess ali ndi chipewa cha tsitsi mpaka m'masaya.

Anaphunzira machenjera. Desmond akayenda kumanzere kwake, iye ankazungulira mwachangu n'kumuika kumanja. Akafuna kumunong'oneza, ankamupatsa khutu labwinolo.

"Nionetse khutu yanga, shuga. Nayiyewa, papita masiku osaiona."

"Usagwile! Wigi banamata na guluu, izasokonezeka."

Desmond ankangoseka. Koma mtima wa Mainess unkagunda ngati mashini ake osokera. Anayamba kuyenda wapansi mpaka ku Lilanda kukakwerera basi kumeneko, kuopa kudutsa pa ambulera yofiira. Mwezi uliwonse Desmond ankati wapita ku Nakonde, kutali kumalire uko, kukaoda katundu, ndipo masiku amenewo okha ndi omwe Mainess ankapuma bwino.

Kenako inabwera meseji yomwe mtsikana aliyense amailota.

"Bebi, Sande ya wiki ya mawa iyo nikupeleka kwa ba mayo ku Mtendere. Uvule wigi, bakuone mwamene ulili. Uvale na ka buluu kathu."

Mainess anawerenga katatu. Masiku khumi okha!

Madzulo ake, kasitomala womaliza atachoka pakhonde, anagwada pafupi ndi mkulu wake n'kuvula wigi.

"Yesu wanga!" Ba Cynthia anaponya chipeso. "Mainess! Ichi n'chani? Wakhala nacho kuchokela liti?"

"Ba sisi, nithandizeni. Niyende ku chipatala?"

"Ku chipatala? Ufuna bakujube khutu yonse, ukhale monga kapu yopanda chogwilila?" Ba Cynthia anachigwira, anachitembenuza uku ndi uku ngati akugula tomato. "Awe, ichi n'chosavuta. Ukumbuka mwana wa ba neba anabadwa na kachala ka sikisi? Banamanga chabe na ulusi, kanauma, kanagwa kokha. Na ichi ni chimozimozi. Masiku faivi, chagwa."

"Muziba zoona, ba sisi?"

"Iwe, nakulela ine. Khala pansi."

Anatenga ulusi wakuda uja amasokera tsitsi la wivi, wolimba woti sungaudule ndi mano. Anazunguliza katatu m'tsinde mwa chotupacho n'kukoka. Mainess anaona nyenyezi dzuwa lisanalowe.

Tsiku loyamba khutu linkagunda ngati ng'oma ya ku tchalitchi. Ba Cynthia anati ndiye kuti zikugwira ntchito.

Tsiku lachiwiri linatupa lonse, lotentha ngati ayironi.

Tsiku lachitatu Mainess anasoka kolala ya shati chozondoka, thupi likunjenjemera masana dzuwa lili phwee. Mnzake wa pa mashini oyandikana naye ananunkhiza m'mwamba. "Kodi muno mwafela khoswe?" Mainess anathamangira ku chimbudzi, anakweza wigi pa galasi. Chotupa chija sichinaume ayi. Chinali chakuda bii, chikuchucha mafinya, ndipo kutupa kunali kutatsikira m'khosi.

Foni inalira m'thumba.

"Shuga, ba mayo bayenda ku malilo ku Mufulira. Tizayenda mwezi wa mawa. Nikukonda."

Mainess anakhala pansi pomwepo n'kulira mopanda mawu.

M'mawa wa tsiku lachinayi pilo anali atathimbirira. Ba Cynthia anabwera ndi sizasi kuti adule ulusi, koma ulusi sunkaoneka. Unali utamira m'mnofu. Ba Cynthia anaika sizasi pansi.

"Mainess... vala nsapato."

"Ba sisi, nizafa?"

"Vala nsapato nakuuza!"

Ku kiliniki nesi anangokweza wigi n'kuimitsa mzere wonse.

"Ndani anamanga ichi?"

Mainess anayang'ana mkulu wake.

"Nafunsa, ndani?"

"Ni ba neba," anatero ba Cynthia, maso ali kudenga.

"Mukabauze ba neba banu kuti sembe mwachedwa masiku yabili, sembe tikamba vina pano."

Anaufukula ulusi uja, Mainess akukuwa mpaka ana pa sikelo kuyamba kulira nawo. Anatsuka bala, anamupatsa mapiritsi ndi kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu, kwa madokotala a khungu.

Dokotala wa kumeneko anali mayi wamagalasi, wolankhula mosathamanga.

"Si khansa. Ndipo palibe anakulodza. Ichi tichiitana keloidi. Ni chipsela chamene sichiziba kuleka kukula. Mathupi yena yali chabe so, maka-maka ukaboola apa pa kafupa."

"Muzanijuba khutu?" Mawu a Mainess anatuluka ngati a kamwana.

"Iyayi. Chilonda chipole poyamba. Pambuyo pake tizayamba jekiseni, pamene apa pa chotupa, kamozi pa mwezi, kuti chifewe na kuchepa. Ngati chizafunika kuchotsa, tizachotsa ise, na jekiseni ipitilize, na kovala kopanikiza khutu. Ukachimanga olo kuchijuba chabe, chibwela chikulu kupambana poyamba. Ndipo osaboolanso, wamva?"

"Namva."

"Sinizakunamiza, jekiseni iyi ibaba. Ukabwele na muntu wokugwila dzanja."

Munthu womugwira dzanja! Ndani? Ba Cynthia anati tsiku limenelo ali ndi mkwatibwi woti amuluke, koma zoona zake ankaopa manesi. Desmond? Mainess analemba meseji kanayi, kanayi konse anafufuta. Akadzaona chinthu chimenechi, ndi chipsera cha ulusi chozungulira, adzamutchulanso shuga?

Chilonda chinapola. Lachitatu, jekiseni ili mawa lake, Desmond analemba yekha: "Bebi nili ku Nakonde, netiweki ivuta. Usaniyewe maningi."

Lachinayi m'mawa Mainess anakhala yekha pa benchi ya chipatala, wigi ili pamutu, khadi lili m'manja onyowa ndi thukuta. Kuseri kwa chitseko bambo wina wamkulu, wandevu zake, yemwe anali atangolowa kumene, anakuwa kuti, "Mayo ineee!" Mainess anayang'ana khomo lotulukira. Masitepe khumi okha. Akanatha kuthawa.

"Ni koyamba, ka?"

Anali mtsikana yemwe anakhala pambali pake, watsitsi lalifupi, wamaso osekaseka. Pamwamba pa khutu lake lakumanzere panali chotupa, koma chophwa, chosabisidwa ndi kanthu kalikonse.

"Nikuyopa," anatero Mainess.

"Naine n'nali so. Ndine Nsofwa, wa ku Chawama. Iyi ni jekiseni yanga ya namba faivi. Yangana, chinali monga mango, manje chasala ka so. Ibaba, koma ubelenga chabe mpaka teni, yasila."

"Simuchibisa?"

"Nibisile ndani? Ba fiyanse banga bananiletsa. Ndiye bananiboola, so bakuti ni mulandu wao. Mwezi uliwonse batseka shopu, babwela na ine, banigwila dzanja. Bayenda chabe kugula maheu apa panja."

Mawu amenewo anamulowa Mainess mpaka m'mafupa. Kani alipo amuna otere? Nanga iye wakhala akuopa chiyani miyezi yonseyi? Desmond wake, wa mvula yogwa chozondoka, angalephere zimene mwamuna wa Nsofwa akuchita?

Anapuma mwamphamvu. Anagwira wigi, anaivula, anaipinda n'kuiika m'chikwama. Mphepo inakhudza khutu lake koyamba pagulu. Anatenga foni n'kulemba: "Desmond, ukabwela nili na chinthu chokuonetsa. Usakalipe. Nikukonda." Ulendo uno sanafufute. Anatumiza.

"Ehee, ndiye vamene ivo!" anatero Nsofwa, akutembenuka kuti aone bwino khutu la mnzake.

Ndi pomwe Mainess anaziona. M'mabowo apansi a makutu a Nsofwa, uku ndi uku, munali timiyala tiwiri ta buluu, towala ngati maso a mphaka.



"Ndolo zanu... n'zabwino."

"Izi? Zinali ziwili chabe pa Zambia yonse," anaseka Nsofwa. "Imozi bananivalika pamwamba apa, ndiye inaleta mavuto yonse aya. Inzake bananipatsa mu Ogasiti, pamene bakulu bao banaleta mbale kwathu."

"Bagulitsila kuti?"

"Ku Matero, pa sitesheni. Ambulela yofiila. Mubaziba?"

Kumapeto kwa khonde kunamveka kulira kwa foni yolandira meseji, ndi mawu omwe akanawazindikira ngakhale pakati pa msika.

"Shuga wanga, ya nthochi yasila, nagula ya..."

Desmond anaima. Mabotolo awiri a maheu m'dzanja limodzi, pepala la vitumbuwa m'dzanja lina. Maso ake anachoka pa Nsofwa, anapita pa Mainess, anabwerera, anapitanso.

"Nakonde yasendela pafupi masiku ano, ka?" anatero Mainess. Anadabwa kumva mawu ake akutuluka bwinobwino, chifukwa m'kati monse munali mukugwa.

"Desmond, uyu ni ndani?" anafunsa Nsofwa.

"Bebi, ni kasitoma chabe..."

"Bebi uti?" anafunsa mayi wina wachikulire pa benchi. "Tiuzeni, tate, naise timve."

Mainess anapisa m'chikwama, pansi pa wigi, n'kutulutsa bokosi la machesi lija. Analitsegula, anakhuthulira kamwala ka buluu m'dzanja la Nsofwa.

"Ya namba fili," anatero. "Pa Zambia yonse."

Nsofwa anakayang'ana nthawi yaitali. Maso osekaseka aja anazima.

Koma Desmond sankayang'ana ndolo. Ankayang'ana khutu la Mainess, chotupa chija ndi mzere wakuda womwe ulusi unasiya. Nkhope yake sinaonetse kunyansidwa ngakhale pang'ono. Anali atazolowera.

"Mainess, ndiye chifukwa cha wigi? Nanga sunaniuze bwanji? Sembe n'nakuleta kuno kudala."

Mawu amenewo ndi omwe anamupweteka kuposa ulusi. Miyezi yonse ija ya thukuta m'wigi, ulendo wapansi wa ku Lilanda, masiku anayi a mafinya ndi kunjenjemera, khutu lotsala pang'ono kuola, zonsezo kubisira munthu yemwe mwezi uliwonse ankakhala pa benchi yomweyi, atagwira dzanja la wina!

"N'nayopa kuti uzanisiya," anatero, misozi ikutsika. "N'nali kufuna kufa, Desmond, kuti iwe usaone."

"Sin'nakusiye, shuga..."

"Zoona. Unaniika chabe pa mzele."

Mayi wachikulire uja anaomba m'manja kamodzi. "Pali bena pano banabooledwa ku Matero? Imikani manja, tibelenge!"

Palibe anaimika. Koma mtsikana wina kumapeto kwa benchi anakokera duku lake pansi pang'onopang'ono.

Chitseko chinatseguka. Bambo wandevu uja anatuluka akupukuta m'maso.

"Mainess Sakala!" anaitana nesi.

Mainess anaimirira. M'katimo ankaona kathireyi kachitsulo, ndi jekiseni itagona pamenepo ikumudikira.

"Mwabwela na muntu wokugwilani dzanja?"

Desmond anaponya phazi kutsogolo.

"Iwe gwila maheu," anatero Nsofwa.

Anavula ndolo zake ziwiri, anaphatikiza ndi yachitatu ija, anaziponya zonse m'pepala la vitumbuwa. Kenako anagwira dzanja la Mainess n'kulowa naye, chitseko n'kutsekeka.

Dokotala anapukuta khutu ndi thonje lozizira. Mainess anatsinzina.

"Belenga na ine," ananong'ona Nsofwa. "Wanu... thuu..."

Singano inalowa. Moto! Mainess anafinya zala za mnzake mpaka kulira kwa mafupa. Anafika pa teni, dokotala anati zatha, koma atsikana awiriwo anapitiriza kulira, mitu itagundana.

Dokotala anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Nalasa mumozi. Nanga mulila babili bwanji?"

"Ni jekiseni chabe, ba dokota," anatero Nsofwa, akufwenthera. "Ibaba maningi."